Buku la kuchipatala la achimwene ndimasunga ndine

Dzulo achimwene abayitsa jakisoni wachisanu ndi chimodzi wa matenda awo a ubongo, ndipo pobwerera agula okha usipa pamsika osakangana ndi munthu. Mtima wanga wakhalako pansi, ndiye ndati ndilembe mmene tinayendera.

Zinayamba chaka chatha. Munthu amene sankajomba kunyanja anangosiya, n'kumadzitsekera m'nyumba, ati wailesi ikunena za iwo. Nsima yophika alamu ankaikana, ati muli mankhwala. Amalume anati ndi majini, anzawo a pa ukonde anati ndi chamba. Mbuzi ziwiri zinathera kwa sing'anga wina cha ku Namwera. Alamu anatenga ana n'kubwerera kwawo. Tsiku limene anathamangitsa amayi ndi nkhafi tinawamanga pamtengo wa mango ndi chingwe cha bwato. Mpaka pano ndikadutsa pamtengopo ndimayang'ana kumbali.

Musanapange hayala galimoto, tumizani munthu akafunse tsiku limene namwino woona za matenda a ubongo amapezeka. Ife sitinatero. Tinafika pachipatala china m'ma 7 koloko m'mawa, amuna anayi atawagwira, dzuwa la kuno mukulidziwa. Pawindo bambo wolemba mayina anati, "Buku lili kuti?" Buku linapita ndi alamu m'chikwama cha ana. "Popanda buku sindilemba." Ndinathamanga kukagula latsopano, n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Achimwene akukuwa, anthu akujambula ndi mafoni, amayi atafunda chitenje kumutu. Cha m'ma 2 koloko ndi pamene tinauzidwa kuti namwinoyo amabwera kamodzi pamwezi, ndipo anabwera dzulo lake. Bambo wa pawindo uja ankadziwa chiyambire m'mawa! Chinavuta n'chiyani kungonena? Dalaivala naye anawonjezera ndalama, ati yodikirira.

A chipatala atatipatsa kalata yotitumiza ku chipatala cha odwala misala ku Zomba, amayi anakana. "Mwanawe, kumeneko munthu sabwerako." Mlongo wa agogo anatengedwa nthawi ya atsamunda, ndipo sanaonekenso. Mantha awo ndimawamvetsa. Malo oyamba osungira odwala misala ku Zomba, mu 1910, anali mbali ya ndende, ndipo mankhwala enieni kunalibe. Chlorpromazine, amene anamwino amangoti CPZ, anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, haloperidol n'kubwera mu 1958. Kuyambira pamenepo odwala ambiri amatha kugonekedwa kwa kanthawi n'kupita kwawo. Ife tinadutsa pa Liwonde tikupemphera, koma patatha milungu isanu ndi umodzi tinakawatenga ku Zomba Mental Hospital akutifunsa za ana awo.

Adokotala anati dzina la matendawa ndi schizophrenia. Munthu amamva mawu amene ena sakuwamva ndipo amakhulupirira zinthu zimene palibe. Nthawi zambiri amayamba paunyamata, chamba chimawakolezera, ndipo ukasiya mankhwala amabwereranso.

Ndaiwala za khosi. Sabata yoyamba kunyumba, khosi linauma, manja akunjenjemera, dovu likutuluka. Amalume anati, "Mwaona? Majini akwiya." Ayi ndithu, anali mapiritsi amene ankamwa. Titabwerera nawo kuchipatala anawonjezera mankhwala ena otchedwa benzhexol, zinthu n'kusintha. Musasiyitse munthu mankhwala nokha chifukwa cha zimenezi, bwererani naye. Ndipo tengani buku, chifukwa namwino sangalote zimene analemba a ku Zomba.

Mapiritsi anatitopetsabe. Ankawabisa pansi pa lilime, amayi akatembenuka n'kulavulira kuseri kwa mtsuko. Ndinachita kupempha ndekha, "Asisitala, palibe njira ina?" Ndi pamene anatiuza za jakisoni wa fluphenazine, ena amati Modecate, wobaya kamodzi pamwezi. Bwanji osatiuza kale? Alipo mankhwala ena atsopanoko monga risperidone amene saumitsa thupi kwambiri, koma ife jakisoniyu watikwanira pakadali pano.

Bukulo tsopano ndinalikulunga mu jumbo, ndipo tsamba lililonse ndinalijambula pafoni. Tsiku la jakisoni ndimalemba ndi khala pachitseko cha khitchini. Kunyanja amayi sanawalolebe, amangosoka maukonde a anzawo pagombe. Alamu anatumiza mwana wamkulu Loweruka kudzawaona, koma iwo sanabwere.