Mbuzi ya amalume ndi mipata iwiri

Zonsezi zinayamba chifukwa cha bando ya intaneti imene inatsala pang'ono kutha. Pofuna kuti isapite pachabe, ndinachezera kuwerenga za quantum, sayansi ya tinthu tochepetsetsa tosaoneka ndi maso. Akuti tinthu ting'onoting'ono ngati ma elekitironi timatha kudutsa pamipata iwiri nthawi imodzi, bola pasakhale wotisuzumira. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti akatswiri akuyesa zimenezi ndi zinthu zokulirapo. Mu 1999 ku Vienna, m'dziko la Austria, gulu la wasayansi Anton Zeilinger linayesa ndi mamolekyulu (timagulu ta maatomu olumikizana) a maatomu 60 a kaboni, zinatheka. Pofika 2019 akatswiri anali atafika pa molekyulu ya maatomu pafupifupi 2,000. Ndinati chamumtima, anthuwa akuyenda ngati bilimankhwe. Ife a ku Mangochi tingoyambira pa mbuzi.

Kutacha amalume anapalasa njinga kupita kunyanja kukapikula usipa. Ine ndinatenga chikwanje n'kuboola mipata iwiri pampanda wathu wa udzu, umene anamanga okha ndi manja awo.

Ndinkadziwa ndithu kuti kutentha ndi mpweya zimasokoneza zinthuzi. Anzathuwo amapopa mpweya wonse m'makina awo, ena amaziziritsa zipangizo mpaka pafupifupi madigiri 273 kunsi kwa ziro. Ine ndinali ndi dzuwa la Okutobala, lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasaa. Ndiye ndinangoikhuthulira mbuziyo madzi onse a mumtsuko. Inandiyang'ana ndi diso loti tidzaonana.

Kenako lamulo lalikulu: pasapezeke woyang'ana. Ana amene anasonkhana ndinawauza kuti atsinzine. Nanenso ndinatsinzina, n'kuimenya kambama pamsana, n'kuwerenga mpaka 50.

Potsegula maso, mbuzi kulibe. Pampanda panali mpata wachitatu.

Tinaipeza chifukwa cha mkuwo. Inali kwa mayi a kuseri kwathu, miyendo yonse inayi ili pamphasa ya ufa umene anayanika, ndevu zili mbuu ngati nkhalamba. Ufa wotsala inali itauthira manyi, ndiponso inali itagubuduza beseni la mandasi ogulitsa.

Amalume atafika anaimika njinga mwakachetechete, n'kuyang'ana mpanda nthawi yaitali.

"Mphwanga, wadutsa apa ndani?"

"Amalume, ndimayesa sayansi. Ku Vienna..."

"Ku Vienna kuli mpanda wanga?"

Nkhani inakafika kwa amfumu. Nditafotokoza za maatomu 60 aja, iwo anangofunsa ngati maatomuwo anadyapo ufa wa munthu. Anagamula kuti tilipe. Ndalama zonse amalume anali atagulira usipa, choncho mpeni unagwira ntchito.

Madzulo ake mbuzi ija inalidi malo awiri nthawi imodzi: theka mumphika wa mayi aja, theka mumphika wathu. Ine amalume anati popeza woyang'ana amasokoneza zinthu, ndisayandikire mphikawo. Nsima ndinadyera usipa, nditayang'ana kumpanda.