Mapu oyenda pa webusaiti: yesani kaye pa foni yotchipa

Ntchito yopanga mapu imene ndinapatsidwa yatha, mtima wakhala m'malo. Bungwe lina linkafuna mapu a Malawi pa webusaiti yawo, oti munthu akadina boma, litukuke pang'ono n'kutuluka kabokosi konena za mijigo yomwe anakumba kumeneko. Maboma onse 28.

Mapuwo ndinawapanga a SVG (zithunzi zojambulidwa ndi code), boma lililonse path yakeyake, kutanthauza mzere wojambula malire ake, ndipo zoyendetsa ndinagwiritsa ntchito GSAP, chida cha JavaScript choyendetsera zinthu pa tsamba, yomwe kuyambira 2025 ndi yaulere ndi ma plugin ake omwe. Apa panalibe vuto.

Vuto linali mkulu wawo wa design. Bamboyo anali atakonzeratu zonse pa laputopu yake yamphamvu, chilichonse chodalira hover, kuika mausi pamwamba pa chinthu osadina. Foni ili ndi mausi? Anthu ambiri adzatsegula tsambali ndi chala, pa itel kapena Tecno, ndi bundle yoti ikhoza kutha nthawi iliyonse. Ndinawauza, sanamve. Anaonjezeranso GIF yolemera pamwamba penipeni akuti tsamba lioneke lamoyo.

Tsiku lonse linapita pachabe abwana awo atatsegula pa foni yawo. Kabokosi kaja kankatuluka modukizaduka, ndipo onse maso kwa ine. Nditasanthula code ya bamboyo ndinapeza kuti ankasuntha kabokosiko posintha width, top ndi left. Ukatero browser imawerengeranso malo a zinthu za patsambalo pa frame iliyonse, pomwe kuti zinthu ziyende mosalala pamafunika ma frame 60 pa sekondi, iliyonse pafupifupi ma millisecond 16 basi. Foni yotchipa singakwanitse. Ndinasintha zonse kukhala transform ndi opacity, zomwe sizichititsa browser kuwerengeranso malowo, zinayenda bwinobwino.

Yesani pa foni yotchipa musanawaonetse eni ake. Ngati mulibe, mu Chrome DevTools, zida zoyesera masamba za mu browser ya Chrome, muli poti muchepetse mphamvu ya CPU ya kompyuta yanu, 4x kapena 6x, koma foni yeniyeni ndiye imanena zoona.

Ndikanaiwala: hover ija ndinaika click m'malo mwake, ndipo chilumba cha Likoma ndinachipangira malo odinapo akulu osaoneka, chifukwa pa sikirini n'kadontho chabe, chala sichingachipeze. Ikaninso prefers-reduced-motion, yochepetsera zoyendayenda kwa amene sazifuna, chifukwa pali anthu amene zoyendayenda zimawachititsa chizungulire.

GIF ija inachoka titakangana kwambiri. M'malo mwake pali fayilo ya Lottie, ya zithunzi zoyenda, yopepuka kwambiri. Bamboyo mpaka pano akuti yoyamba ija inali yokongola. Mubwereke foni ya mlonda wa pa ofesi ngati kuli kutero, muyeserepo.