Mmene ndinadutsira maphunziro a mpeni ku usilikali

Mwana wa mlongo wanga, amene amakhala kwa Santhe kuno ku Kasungu, wakhala akundifunsa za usilikali chilembereni mayeso a MSCE, ndipo funso limene salitaya ndi la mpeni. "Amalume, kodi n'zoona kuti kumeneko amaphunzitsa kumenyana ndi mipeni?" Ndinamuyankha kuti maphunziro a mpeni alipodi, koma sali monga mmene iye ndi anzake amaonera m'mafilimu a pamsika. Popeza achinyamata ambiri ali ndi maganizo omwewa, ndaganiza zofotokoza mmene ine ndinadutsira gawo limeneli, kuti amene akukonzekera adziwiretu chimene akachipeze.

Mpeni sindinauyambire ku usilikali. Kwathu timalima fodya, choncho mnyamata amakula ali ndi chikwanje m'manja, kudula mikangala ndi mitengo ya chigafa, kusenda luzi, ndiponso kuthandiza akuluakulu kusenda mbuzi pa ukwati kapena pa maliro. Malemu bambo anga anali ndi lamulo limene sankalekerera mwana aliyense kuliphwanya, lakuti mpeni supatsirana nsonga italoza mnzako. "Tembenuza, iwe, um'patse chogwirira," ankatero ngakhale alendo ali pomwepo. Ndinachoka pakhomo ndikudziona ngati wodziwa kale, ndipo mtima umenewu ndi umene aphunzitsi anayamba kuuchotsa mwa ine.

Za kulembedwa ntchito sinditalikitsa. Pamakhala kalata yofunsira ntchito, kuonetsa ziphaso, kuthamanga, kuyezedwa m'thupi ndi dokotala, kenako ulendo wa ku Salima, ku sukulu ya asilikali ya MAFCO. Masabata oyambirira mpeni sitinaukhudze n'komwe. Tinkaguba, kuchapa, kusita ndi kupukuta jombo m'kutentha kwa kunyanja, kumene ife a kumtunda kunatisautsa zedi, mpaka thupi linazolowera kumva lamulo ndi kulichita nthawi yomweyo.

Tsiku limene tinaulandira, tinaima pamzere kunja kwa nyumba yosungiramo zida. Mpeni wa msilikali umatchedwa bayoneti, ndipo umapangidwa m'njira yoti uzilumikizika kutsogolo kwa mfuti, pomwe nthawi zina zonse umakhala m'chimake pa lamba wa m'chiuno. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti phunziro loyamba linali la buku ndi cholembera. Aliyense ankatchula dzina ndi nambala yake, kulandira chida, kuchiyang'ana pamaso pa wosunga zida, n'kusayina, ndipo madzulo ankabweza chomwecho n'kusayinanso. Anatiuza mosabisa kuti bayoneti imodzi ikasowa, gulu lonse siligona mpaka itapezeka, chifukwa mpeniwo ndi katundu wa boma ndipo ukagwera m'manja olakwika ukhoza kukapweteka munthu wosalakwa kumudzi. Ine ndimaona kuti maphunziro onse a mpeni atsamira pa buku limenelija, ngakhale kuti achinyamata safunsa za ilo.

Sajeni amene ankatiphunzitsa anatikhazika pansi pa mtengo n'kutifotokozera kumene chidachi chinachokera. Dzina lake likugwirizana ndi tauni ya Bayonne ku France, ndipo chinayamba kufala m'zaka za m'ma 1600, pamene mfuti inkatenga nthawi yaitali kuti munthu aikemo onga ndi chipolopolo china. Bayoneti zoyambirira ankachita kuzitsomeka m'kamwa mwenimweni mwa mfuti, moti ukatero sukanathanso kuwombera. Pa nkhondo ya ku Killiecrankie ku Scotland mu 1689, asilikali a boma anagonja, mwa zina chifukwa adani anawafika asanamalize kutsomeka mipeniyo, ndipo pambuyo pake mayiko anasinthira ku bayoneti yokolekera pambali, imene imasiya mpata woti chipolopolo chidutse. Masiku ano nkhondo yofika pogwirana pafupi chotere ndi yosowa, ngakhale kuti asilikali a Britain anagwiritsabe ntchito bayoneti pa phiri la Tumbledown pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982. Gulu lankhondo lapamtunda la America linachotsa phunziro lothamangira mdani ndi bayoneti pa maphunziro ake oyambirira mu 2010, koma magulu ambiri a asilikali analisunga chifukwa limaumba mtima wa munthu.

Kenako tinalowa pa bwalo la perete, kumene tinaphunzira kusolola mpeni m'chimake, kuulumikiza ku mfuti ndi kuuchotsa, tonse pakamodzi, potsatira mawu a mphunzitsi. Poonerera zimaoneka zophweka, koma munthu ukakhala pakati pa mzere, mnzako kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo aliyense ali ndi chitsulo chosongoka m'manja, umazindikira chifukwa chake salola ngakhale kutembenuza mutu lamulo lisanaperekedwe. Tinabwereza kambirimbiri mpaka chala chinadziwa chokha pamene pali kabatani kokhomera, ndipo khutu linazolowera kaphokoso kosonyeza kuti mpeni wagwira. Amene ankafulumira kuposa anzake ankabwezedwa mofanana ndi wochedwa.

Kusamala chidacho kunali ntchito ya madzulo alionse. Thukuta la m'manja ndi chinyontho cha kunyanja zimabweretsa dzimbiri msanga kwambiri, choncho tinkapukuta mpeni ndi nsalu youma, kupakapo mafuta pang'ono chabe, ndi kugugudiza chimake kuti mchenga utuluke, pakuti mchenga wotsalira mkati umakanda chitsulo nthawi iliyonse pamene ukusolola. Sitinkaloledwa kukanola pa mwala uliwonse monga timachitira ndi chikwanje kumudzi. Tsiku lina Sajeni anatenga bayoneti yanga, n'kuiyang'anitsitsa padzuwa, ndipo anapeza kadontho kofiirira pafupi ndi chogwirira, pamalo pamene nsalu siifika bwino. Sanakalipe, koma anandifunsa ngati ndikanalola kuti dokotala andichite opaleshoni ndi chitsulo chotero, ndipo nditati, "Ayi, bwana," anandibwezera kuti ndikayambirenso.

Gawo limene anthu amafuna kumva ndi la matumba. Amaimika matumba odzaza ndi udzu pa mitengo, ndipo wophunzira amathamanga, kukwawa, kudumpha maenje, n'kufika pa thumba atatopa kale, akufuula ndi mphamvu zake zonse. Kabayidwe kake sindifotokoza pano, chifukwa zimenezo malo ake ndi pamaso pa mphunzitsi amene angathe kukuimitsa. Chimene ndinganene n'chakuti phunziroli limadzutsa ukali umene munthu sunkadziwa kuti uli nawo, ndipo cholinga chake chimaonekera pamene mluzu walira, pakuti pomwepo uyenera kuima, kupuma, kuchotsa mpeni n'kuubwezera m'chimake manja asakunjenjemera. Anatiphunzitsanso malamulo a nkhondo a m'mapangano a ku Geneva a 1949, akuti mdani wovulala kapena wogwidwa sapwetekedwa, ndipo munthu wamba sakhudzidwa. Usiku wa tsiku limenelo sindinapeze tulo msanga, popeza ndinazindikira kuti thumba lija linkaimira mwana wa munthu wina.

Kuthengo ndi kumene mpeni unagwira ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo apa moyo wa kumudzi unandithandiza. Tinkadula zikhomo zomangira malo ogona, zingwe, nthambi zodzibisira ndi zipatso, pomwe mitengo ikuluikulu inali ya chikwanje. Kumenekonso ndi kumene ndinadzicheka. Unali usiku, nditatopa kwambiri, ndipo posongola chikhomo ndinakokera mpeni chakudzanja langa lamanzere m'malo mokankhira kutsogolo, mpeniwo n'kuterereka kukang'amba m'munsi mwa chala chachikulu. Cholakwa chinali changa ndekha, pakuti lamulolo ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana. Mnzanga wa ku Mchinji amene tinkagona moyandikana anachita ndendende zimene tinaphunzira pa chithandizo choyamba, anapanikiza bala ndi nsalu yoyera, kukweza mkono m'mwamba, kumanga bandeji ndi kuitana wachipatala. Pa phunziro lomwelo anatiuza kuti chinthu chikabaya munthu n'kutsalira m'thupi suchizula, koma umachichirikiza m'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala, chifukwa ukachizula magazi amatuluka kwambiri. Chipsera chija ndili nacho mpaka lero.

Msuweni wanga amene anaphunzira za upolisi ku Kanjedza ku Limbe amandiuza kuti kwa iwo nkhani ya mpeni imayang'ana kwina. Wapolisi amakumana ndi mpeni kapena chikwanje zili m'manja mwa munthu woledzera, wokwiya pa mkangano wa munda, kapena wodwala maganizo, ndipo ntchito yake n'kusunga mtunda, kulankhula naye modekha, kuchotsa anthu oonerera ndi kuitana anzake. Za mtundawu apolisi a m'mayiko ambiri amatchula kafukufuku wa Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, amene mu 1983 anasonyeza kuti munthu angathe kuthamanga mamita oposa 6 pang'ono pa nthawi yokwana sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwe wapolisi amafuna kuti asolole mfuti ndi kuwombera. Munthuyo akagwidwa, mpeniwo umasanduka umboni wa kukhoti, ndipo umalembedwa m'buku monga mmene ife tinkalembera bayoneti.

Pa tsiku lotsiriza maphunziro tinaguba pamaso pa makolo, mipeni ikunyezimira pa mfuti, ndipo perete atatha tinaimanso pamzere uja kukabweza zida ndi kusayina tisanapite kukapatsa moni abale. Mayi anga, amene anakwera minibasi kuchokera ku Kasungu m'bandakucha, anadikira panja mpaka chiwerengero chitakwana.

Mwana wa mlongo wanga uja ndamuuza kuti abwere Loweruka m'mawa tidzathamange limodzi chakumunsi kwa phiri la Kasungu, ndipo atenge chikwanje cha agogo ake chimene chachita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe, kuti tikabwerako adzachipale yekha ine ndikuyang'ana.