Sabata ya "yewo" mu Sitandade 3

Lolemba ahedi anandibweretsera mwana watsopano, kamtsikana kochokera ku Rumphi, bambo ake awasamutsira kuno ku Zomba pa ntchito. Nditamupatsa buku anagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kuti "yewo". Kalasi yonse kufa nazo kuseka, mwana uja anangozyolika mpaka buleki, ngakhale phala sanapite kukalandira.

Zinandipweteka mumtima zedi, poti osekawo ndi omwe aja amangotsomphola choko m'manja mwanga ndi dzanja limodzi, zikomo osamveka.

Ndiye Lachiwiri ndinaimika kaye masamu, ndinati aliyense anene mmene agogo ake amaperekera moni m'mawa. Poyamba zii. Kenako wina anati "mwalamuka tani", kwawo ku Nsanje, mlendo wathu ananong'ona kuti "mwawuka uli", ndipo mnyamata amene anaseka kwambiri dzulo lake uja anavomera mwamanyazi kuti mayi ake ndi a ku Mangochi, kunyumba amati "ajimwiche uli". Tinazilemba zonse pa bolodi, kuzibwereza mpaka belu. Zotere musilabasi zilimo ndithu, koma chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi ndi odzaza, anga amapitirira 100, nde ukangotsatira buku mwana mmodzi ngati ameneyu umamuphonya osadziwa.

Lachitatu mvula pa malata, sitimamvana nkomwe.

Lachinayi ndinapempha agogo ena mwa amayi ophika phala kuti atiyimbire nthano pansi pa mtengo wa mango. Atati "padangokhala", amene anayankha "tili tonse" anali ochepa, enawo kumangoyang'anana, chonsecho nyimbo za makatuni a pafoni amaziloweza zonse. Ine sindiwada anawa ayi, makolo amabwera kugeni kutada atatopa, nthano aziyimba nthawi yanji? Koma agogo atafika pa kanyimbo ka m'nthanomo ana onse anavomera m'manja muli phuphuphu, ndipo mlendo uja anadzutsa mkono yekha n'kuti kwawo nthano amati vidokoni.

Lachisanu pa buleki ndinamuona ali pakati pa fulaye, anzake akumukuwira dzina. Pamzere wa phala anyamata awiri analandira makapu ndi manja awiri n'kuti "yewo agogo", osati monyoza ayi. Poweruka kunabwera mayi wina nkhope ili gwaa, akuti mwana wawo akulankhula Chitumbuka kunyumba, kodi ndi zimene tikuphunzitsa masiku ano? Ndawapempha abwere Lolemba m'mawa adzakhale nafe m'kalasi, avomera.