Pedro wa ku Mexico anali wakwathu

Kuno ku Leeds eni nyumba anatiuza tsiku lomwe tinkalowa kuti galu ayi, mphaka ayi. Koma Chisomo, mwana wathu wa zaka 9, sankatipatsa mpata wopuma, ati anzake onse kusukulu ali ndi choweta. Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandinyenga kuti ndigule tarantula, akangaude akuluakulu aubweya aja. Ati sauwa, sanunkha, amadya kamodzi pa sabata. Ine kumva za kudya kamodzi pa sabata mtima unagwa pomwepo, poti nkhani ya bajeti kuno si yamasewera.

Loweruka lina ndinapita kuchionetsero cha tizilombo. Bambo wina wandevu anali ndi timabotolo tambirimbiri, kalikonse muli kakangaude kochepa ngati njere ya chimanga. Anandilozera kamodzi kolembedwa Brachypelma smithi, wa ku Mexico wa mawondo ofiira. Ati ndi wofatsa ngati nkhosa, amakula pang'onopang'ono, ndipo akakhala wamkazi zaka 20 amadutsa. Ndinapereka mapaundi 15, n'kumutcha Pedro.

Mayi a Chisomo anangoti, "Chilombo chanucho chikadzatuluka, inunso mudzatuluke."

Pedro ankadya ngati walipira. Patangopita miyezi yochepa anali atafundula kangapo, bokosi lonse ataliphimba ndi ulusi moti mkati simunkaoneka. Mawondo ofiira aja ndinawadikira ngati mvula ya Okutobala. M'malo mwake thupi lonse linasanduka lachikasu chofiirira ngati papaya wakupsa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kufiirako kwangoyambira pena, mawondo atsatira. Munthu ukawononga ndalama umakhala ndi chikhulupiriro choposa cha abusa.

Tsiku la tsoka linali Lamlungu lomwe kwathu kunali mlaga. Kunabwera anthu 11, kuphatikizapo abambo Phiri, mkulu wa mpingo. Titatha kudya ndinati ndionetseko luso. Ndinanyamula bokosi lija n'kuyamba kuphunzitsa khamu kuti akangaude a ku America saluma wamba, akakwiya amangokuwaza ubweya woyabwa wa pamimba pawo, ngati chitedze. Zimenezo n'zoona ndithu. Vuto linali loti Pedro nkhani ya ku Americayo sankaidziwa.

Nditangotsegula n'kuika dzanja, anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo m'mwamba, mano pamtunda. Abambo Phiri anati, "Taonani, akupemphera." Sanamalize n'komwe. Chinthucho chinathamanga pamkono wanga ngati mphezi, n'kulowa m'malaya kudzera pakolala.

Abale, ndinavina. Beni amene sindinavinepo chibadwire ndinamuvina tsiku limenelo. Ndinavula jekete, malaya, vesiti, pamaso pa amayi a mvano, ndipo dzanja linali litafika kale palamba pamene mayi a Chisomo anakuwa kuti, "Bambo, thalauzilo lisiyeni!" Abambo Phiri, amene amayenda ndi ndodo chifukwa cha nyamakazi, anapezeka ali pamwamba pa sofa, ndodo itatsala pansi. Mayi wina anathawira panja ndi mbale ya mpunga, ndipo mbaleyo mpaka lero sinabwerere.

Pedro tinamupeza patatha maola awiri ali phee pamwamba pa katani. Anamugwira ndi Chisomo, pomuvindikira ndi chikontena cha ayisikilimu, ine ndikupereka malangizo ndili kukhitchini.

Mawa lake ndinatumiza chithunzi kwa mnzanga uja. Anaimba foni akuseka mpaka kutsamwa. Ati ameneyu ndi Pterinochilus murinus, wa ku Africa, ndipo oweta amangomutchula kuti OBT, dzina lachipongwe lotanthauza kanthu kaolenji koluma. Akangaude a ku Africa ndi ku Asia alibe ubweya woyabwa uja, chida chawo ndi liwiro ndi mano, ndipo uyu akakuluma minofu imakokana masiku angapo. Anawonjezeranso kuti ngakhale akanakhala wa ku Mexico weniweni, dzina lapabotolo lija likanakhalabe lokayikitsa, chifukwa mu 2017 akatswiri anapeza kuti ambiri amene ankagulitsidwa ngati smithi anali a mtundu wina wofanana nawo wotchedwa hamorii. Ndiye kuti pabotolo panga choona chinali mtengo wokha.

Wandevu uja nditamulembera anayankha mwaulemu kwambiri kuti tiana ta akangaude timafanana, mwina zivindikiro zinasinthana. Anatinso ndisadandaule, mtundu umenewu sufa msanga. Ngati kuti chimene ndinkaopa n'choti afa.

Chimene chinandipweteka kwenikweni ndi pamene ndinawerenga kumene amachokera: Tanzania, Zambia, Mozambique, ndi Malawi yemwe. Ndinakwera ndege mpaka ku England kudzagula mnansi.

Madzulo ake ndinaimbira amayi ku Mchinji pa WhatsApp n'kuwaonetsa bokosilo. Anayang'anitsitsa, kenako anafunsa mtengo. Nditawasinthira mu makwacha anakhala chete nthawi yaitali moti ndinkayesa netiweki yadula.

"Mwanawe," anatero, "ine oterewo ndimawapha ndi patapata kuseri kwa nkhokwe. Uwafunse azunguwo ngati akufuna ena, mlongo wako akusowa fizi."

Pedro tinamusintha dzina. Pano ndi Achimwene, ndipo bokosi lawo timalitsegula mayi a Chisomo akapita kuntchito.