Ku Bristol, Colston adagonekedwa chagada

Ukatsika sitima pa siteshoni ya Temple Meads mumzinda wa Bristol ku England n'kulowera kudoko wapansi, dzina la Colston, wamalonda a akapolo wakalekale, limakupeza lokha pa zikwangwani za misewu. Holo yaikulu ya zoimbaimba idalisiya mu 2020, pano ndi Bristol Beacon. Pakati pa tauni pali mwala umene chiboliboli chake chinkaimapo, pamwamba pake pali mbee.

Edward Colston adalowa mu Royal African Company (RAC), kampani yogulitsa akapolo, mu 1680, ndipo mu 1689 adakhala wachiwiri kwa mkulu wa kampaniyo. Pa zaka zimene iye anali momwemo, zombo zake zidanyamula anthu a ku Africa pafupifupi 84,000, ana omwe, ndipo pafupifupi 19,000 adafera m'njira. Ena ankawadinda zilembo za RAC pachifuwa ndi chitsulo chamoto. Chuma chake adamangira sukulu ndi nyumba za osauka, basi mzinda udamuimikira chiboliboli mu 1895, patapita zaka 174 atamwalira.

Pa 7 June 2020, pa zionetsero zodandaula imfa ya George Floyd, munthu wakuda amene adaphedwa ndi wapolisi ku America, anthu adachikoleka zingwe, kuchigwetsa, kuchigubuduza mpaka kukachiponya m'madzi. Khonsolo idachivuula patapita masiku anayi. Lero chili ku M Shed, nyumba yosungira mbiri ya mzindawu. Achigoneka chagada, utoto wofiira ndi wabuluu ukadali pomwepo, sadaupukute dala. Munthu amene anthu ankakweza khosi kuti amuone, tsopano umamuyang'ana choweramira.

Pambali panga padaima bambo wina wachikulire, mbadwa ya komweko. Adapukusa mutu.

"Ukapolo unali nkhanza, sindikukana. Koma akadatsata ndondomeko. Aliyense akamagwetsa chimene chamunyansa, tithera kuti?"

Ndidawafunsa kuti, "Bambo, ndondomekoyo idayesedwa kapena ayi?"

Adavomera okha kuti idayesedwa. Anthu adalemba madandaulo kwa zaka zambiri. Mu 2018 panali ganizo longowonjezera kachikwangwani konena za akapolowo, koma anthu adakangana pa mawu oti alembepo mpaka zidathera m'malere. Kachikwangwani chabe! Funso lawo lija si lopanda mutu, ine ndemwe gulu la anthu okwiya ndimaliopa. Koma amene amalalikira za ndondomeko nthawi zambiri ndi omwewo amene adaikhalira pamwamba. Anthu anayi amene adaimbidwa mlandu wowononga chibolibolicho khoti lidawapeza osalakwa mu January 2022, ndipo bambowo mpaka lero chigamulocho chikuwawawa.

Pamene adachiponyera m'madzi ndi pafupi ndi Pero's Bridge, mlatho wapansi wokhala ndi zitsulo ziwiri zonga malipenga. Pero adagulidwa ngati kapolo ali mwana pa chilumba cha Nevis ku Caribbean, ndipo John Pinney, mwini minda ya nzimbe, adabwera naye ku Bristol kudzamugwirira ntchito m'nyumba. Nyumbayo ilipobe, ndi Georgian House Museum. Pamene Britain inkathetsa ukapolo m'madera ake mu 1833, boma lidapereka chipepeso cha £20 miliyoni kwa eni akapolo. Akapolowo sadalandire ngakhale khobidi, ndipo ambiri adakakamizidwa kugwirabe ntchito yaulere mpaka 1838.

Okonda zionetsero zabata amatchula 1963, ndipo akulondola kuitchula. Chaka chimenecho kampani ya mabasi ya mumzindawu inkakana kulemba anthu akuda ndi amwenye ntchito ya udalaivala ndi ukondakitala. Mnyamata wina, Guy Bailey, adamubweza asadamufunse n'komwe mafunso atangoona khungu lake. Paul Stephenson, womenyera ufulu wa anthu akuda, ndi anzake adamema anthu kuti anyanyale mabasi. Palibe galasi limene lidasweka, koma panthawiyo Stephenson ankanenedwabe kuti ndi wosokoneza, moti mkulu wina wa bungwe la apantchito adamunyoza mu nyuzipepala mpaka nkhani idakafika kukhoti, Stephenson n'kupambana. Bata lake anthu akuliyamikira lero, kalelo ayi.

Kunyanyalako kudatenga miyezi inayi. Kampani idagonja pa 28 August 1963, tsiku lomwe Martin Luther King ankalankhula ku Washington. Mwezi wotsatira, Raghbir Singh adayamba ntchito ngati kondakitala woyamba wosakhala mzungu mu Bristol, ndipo mu 1965 nyumba ya malamulo ku London idakhazikitsa lamulo loyamba loletsa tsankho m'malo opezekamo anthu ambiri.