Mota yamagetsi pa chubu chowedzera trout: pomwe ndafika

Ndamaliza kumangirira mota yaing'ono yamagetsi kumbuyo kwa chubu choyandama chimene ndimakhalapo powedza nsomba za trout m'madamu a ku Dullstroom, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa. Tawuniyi ili pamalo okwera mamita oposa 2,000, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi ake amazizira mpaka kuumitsa zala. Madamu ambiri kumeneko ali ndi eni ake, choncho ndisanatsitse chubu ndimayamba ndafunsa ngati mota ndi yololedwa.

Batire ndasankha la lithiamu la mavoti 12 chifukwa ndi lopepuka kuposa la asidi, ndipo chubu sichipendekera kumbuyo. Ndaliika m'bokosi losalowa madzi, ndaikanso fyuzi pafupi ndi batirelo kuti mawaya akagundana asayake ndili pakati pa damu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ubwino wa motayo. Imakufikitsa kutali mosavutikira, kutali kuposa kumene miyendo ingakubwezere, ndipo batire likatha umangotsala ndi zipsepse za kumapazi ndi mphamvu za m'ntchafu. Chubu chimakhala pamwamba pa madzi, moti mphepo imachikankha ngati dengu lopanda kanthu. N'chifukwa chake ponyamuka ndimalunjika kumene kukuchokera mphepo, kuti pobwerera izindikankhira kumtunda, ndipo zipsepse sindivula ngakhale mota ikuyenda bwino. Ndazimangira timikuzi m'akakolo, poti chimodzi chikavuka n'kumira umangozungulira malo amodzi.

Jekete yoyandamitsa ndimavala ndisanaponde m'madzi, osati kuikhalira monga ndimaonera anzanga ena. Munthu akagwera mwadzidzidzi m'madzi ozizira amakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi amakokera madzi m'mapapo asanayambe n'komwe kusambira. Buluku losalowa madzi lofika pachifuwa ndimalimanga lamba m'chiuno kuti madzi asadzaze msanga m'miyendo. Wenzulo ndi kampeni kodulira chingwe zili pa jekete pomwepo, chifukwa chingwe chowedzera chikakulungika pa chopukusa madzi cha mota, sufunika kuyamba kufufuza m'matumba.

Mpweya wa m'chubu nawo umafuna kuuyang'anira. Chubu chopopedwa padzuwa chimafewa chikangokhala kanthawi m'madzi ozizira, ndiye ndimachisiya chiyandame pang'ono m'mphepete kenako ndiwonjezere mpweya. Pobwerera ndimachiphwetsako ndisanachiike m'galimoto yotentha kuti misoko isang'ambike.

Dzinja likadzafika vuto lidzakhala mphenzi, zomwe zimakonda kubwera masana kudera lokwerali. Ndodo yowedzera ya kaboni imadutsitsa magetsi, ndipo munthu ali poyera pakati pa damu ndiye chinthu chachitali koposa, choncho kukangogunda ndidzagoneka ndodo n'kutuluka. Chatsala tsopano ndi kuyesa kuti batire limatha msanga bwanji polimbana ndi mphepo, ndipo ndidzayesera pafupi ndi gombe mnzanga ali pamtunda.